Firiji ya Azakhali a Timabotolo

Kwa mayi a malemu, achimwene awo ndi abale onse,

Ife a Bungwe la Makolo a Ana Odwala Sikoselo talandira ndi mitima yosweka uthenga wa imfa ya mwana wanu, katswiri woyeza magazi pachipatala chathu, amene ana athu ankawatchula kuti Azakhali a Timabotolo. Matenda a magazi a sikoselo amene anabadwa nawo, omwenso anathera moyo wawo akuwafufuza, awatenga kudzera m'chifuwa, monga momwe ankatichenjezera.

Ndi iwowa amene anatikhazika pabenchi n'kutimasulira chimene chimabanikitsa ana athu. Ankati thupi limamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo kamodzi mwa ito, ajinini, kamathandiza kuti mitsempha ya m'mapapo izitseguka. Magazi a wodwala sikoselo akamasweka, ajinini amachepa, mitsemphayo imafinyika, mwana n'kumapuma ngati wakwera phiri. Pofuna njira yodziwira msanga mwana amene chifuwa chikumulondalonda, anatolera magazi a ana athu kwa zaka zambiri, nawasunga m'timabotolo m'firiji ya pakona m'labu. Mwana akalira poona jakisoni ankamuseka kuti, "Iwe, udzudzu umakuluma ulele, ine ndikupatsa switi!"

Tikanakonda kulekera pomwepa, koma kukhala chete kungakhale kuwanyoza malemu. Ali chigonere m'wodi, mpweya ukuwathera, ananong'oneza achimwene awo kuti, "Kandionereni ngati firiji yanga ikulira." Achimwenewo anakaipezadi ikulira, koma itadzaza zakumwa za phwando lotsanzikana ndi bwana wina wopuma pantchito. Timabotolo tonse tinali m'katoni pawindo, dzuwa likutiwomba. Atafunsa, mkulu wa labuyo anayankha uku akutafuna: "Aaa bambo, tibwezeramo phwando likatha. Magazi si mkaka." Achimwenewo anabwerera kuwodi, nagwira dzanja la mlongo wawo n'kunena kuti, "Ikulira, achemwali, gonani." Sananame ayi, koma mpaka lero chakudya sichikuwalowa.

Zatinyansa, ndipo tikunena mosapsatira mawu. Magazi amene tinkapanira ana athu pamiyendo akulira kuti atengedwe, aonongeka kuti akuluakulu amwe zozizira. Lero anthu omwewo ndi amene atumiza nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse. Manyazi adawatha kalekale.

M'malo mwa makolo onse a m'bungwe lathu, tikupepesa kwa inu amayi, amene munachezera usiku wosawerengeka ndi chifuwa chimenechi kuyambira ali wakhanda, ndi kwa inu achimwene, amene mwasenza mawu aja nokha. Musadziimbe mlandu, munawagoneka ndi mtima wofewa. Chauta akupatseni mphamvu m'masiku owawitsa ano.

Mnzawo wina wa malemu kuntchito, amene anakana kuponda paphwandolo, wavomera kuyambanso kafukufukuyu. Maliro akatha tidzabweretsa ana athu pabenchi lomwe lija, mikono ili pamtunda. Firiji tapeza yathuyathu, tayikhomera loko, ndipo kiyi wake, amayi, mudzasunga ndinu.

Wapampando,
Bungwe la Makolo a Ana Odwala Sikoselo