Mchombo wa Chiko

Kafue, 19 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Mwana wathu Chiko anabadwa pa 2 Disembala monga ndinakuuzani, ndipo mchombo wake unagwa patatha masiku asanu ndi atatu. Zimene zinatsatira sindinakuuzeni, chifukwa foni imakhala ndi alamu anga ndipo amaima pomwepo kumvetsera. Nchifukwa chake ndalemba, ngakhale kalembedwe kanga mukukadziwa. Iwe Thokozile, mlongo wanga, amene ukuwawerengera amayi, uwerenge zonse, usadumphe.

Tsiku limene mchombo unagwa, apongozi anga anali kuno. Anautola ndi kapepala nauza mkazi wanga kuti, "Idah, kataye m'chimbudzi, ife ndife opemphera." Ine ndinali pakhomo kukonza tayala la wilibala. Ndinati ndipatseni ndikataye ndine. Amayi, sindinataye. Ndinaukulunga m'kansalu ndi kuuika m'kabokosi ka machesi. Ndikudziwa kuti si ntchito ya mwamuna, koma inu muli ku Katete, ndikanafunsa ndani? Ndinakumbukira zimene munkanena ndikachedwa kubwera kunyumba ndili mnyamata, zoti ine sindingasochere chifukwa wanga munaukwirira pansi pa mtengo wa mango, pa nambala 14, ku nyumba za anthu a njanji ku Kamwala. Ndiye wa mwana wanga ukagwere m'chimbudzi chimene timalowamo mabanja asanu? Mtima unakana.

Kuukwirira pano ndinalephera. Nyumba ndi ya lendi, tasamuka katatu m'zaka ziwiri, ndipo eni ake akuti pabwaloli adzamangapo zipinda zina. Kabokosiko ndinayenda nako m'thumba milungu itatu, ndikunyamulira anthu matumba a feteleza kumsika. Kenaka Idah anakapeza pochapa buluku langa. Anati, "Ba Levy, ichi nchiyani? Mwayamba mankhwala pa mwana wanga?" Ndinayesa kufotokoza, koma pakamwa panga mukudziwa kuti mawu amabwera mochedwa. Anati chikadzachoka m'nyumba muno ndidzamuimbire. Anabereka Chiko napita kwa amayi ake ku Shimabala. Kuyambira tsiku la Chaka Chatsopano ndikudya ndekha. Matewera awiri amene anaiwala ali pachingwe m'chipinda, sindinawachotse.

Lachiwiri lapitali sindinapite kumsika. Ndinakwera minibasi ya ku Lusaka ndi maganizo akuti ndikauike pafupi ndi wanga, nkhani ithe. Amayi, Kamwala imene mumaikamba ija kulibe. Ndi mashopu okhaokha, malole otsitsa katundu, anthu okuwa mitengo ya zitenje. Ndinafunsa anthu asanu ndi mmodzi za nyumba za njanji. Wina anandiseka, nati, "Nyumba ziti, mudala? Apa ni mashopu chabe." Wina m'malo moyankha anafuna kundigulitsa chaja. Ine ndinachoka kumeneko ndili ndi zaka zinayi, sindikumbukira kanthu koma phokoso la sitima.

Dzuwa litafika pamutu, nsapato yanga inang'ambika, ndipo ndinakhala kwa mkulu wina wosoka nsapato, ba Shadreck. Naye ndinamufunsa, mongotaya mawu. Anandiyang'ana nati, "Atate ako ni ndani?" Nditatchula Peter Sakala, anaika singano pansi. "Peter wa njinga yopanda mabuleki? Iwe ndiwe kamwana kamene kanali kulira pa mpope tsiku lonse?"

Anasiyira mnzake nsapato za anthu, nayamba kuyenda nane. Chipupa chimene amatsamira posoka, akuti chinali cha bafa la anthu onse. Holo imene atate ankavinamo pakutha pa mwezi tsopano ndi tchalitchi, koma mazenera ndi omwe aja. Pamwamba pa chitseko cha shopu ya mafoni anandionetsa kachitsulo kolembedwa nambala 9, kopakidwa penti kangapo. Anati, "Anthu apita apa m'mawa na madzulo, palibe amene ayang'ana kumwamba." Ine ndemwe ndinali nditadutsapo kawiri.

Kuseri kwa mashopu, pakati pa makatoni otayidwa, mpope uja ulipo. Madzi sutulutsa, koma simenti yochapirapo ilipo, yokumbika pakati chifukwa cha manja anu. Ba Shadreck anati, "Apa ndiye amai ako anali kuchapa. Pa mzere wa madzi anali ovuta, palibe amene anali kuwadumpha." Kodi ndi zoona zimenezi, Amayi? Ndinaika dzanja langa pokumbikapo. Panali potentha ndi dzuwa.

Kuchokera pa mpope anawerenga mapazi makumi anayi, ine ndili pambuyo. Tinadutsa ngalande, tinakwera sitepe, ndipo phazi lomaliza linathera m'kati mwa shopu yaikulu ya zinthu za pulasitiki. Analoza mulu wa ndowa wofika kudenga nati, "Mango unali apa." Pansi ponse simenti. Ndinaima dzanja lili m'thumba, ndikungoganiza kuti simenti yotere popanda piki siingasweke. Mtsikana wogulitsa anati, "Mufuna chani, ba bosi?" Mlonda naye anayamba kuyang'ana thumba langa. Ndinagula ndowa imodzi, yofiira.

Titatuluka ndinamuonetsa ba Shadreck kabokosi. Sanaseke. Anandibweza pa mpope, pamene simenti inang'aluka ndipo dothi likuoneka, nandipatsa mpeni wake wodulira zikopa. Ndinafuna kukwirira pomwepo, koma iye anati, "Usasiye kanthu pano. Chaka cha mawa na mpope uyu sudzaupeza. Tenga dothi uyende nalo." Ndinakumba manja awiri odzaza. Ndi lakuda, lonunkha mafuta a galimoto, koma ndi lomwelo limene munkapondapo.

Nditafika ku Kafue ndinaboola ndowa pansi ndi msomali. Ndinathira dothi la kumtsinje, pakati dothi la ku Kamwala, kenaka mchombo, ndipo pamwamba njere ya mango. Tikadzasamuka ndidzaikweza pa wilibala pamodzi ndi matiresi. Tsiku limene ndidzapeze puloti yanga, ndidzang'amba ndowa ndi kuika zonse pansi.

Tsopano apa ndi pamene pandivuta. Ndinamuimbira Idah. Anafunsa kuti, "Mwataya?" Ine ndinati, "Chachoka m'nyumba." Sindinaname, ndowa ili panja pafupi ndi chitseko. Anati abwera Loweruka. Loweruka lake ndi dzulo. Ndinasesa, ndinagula nsomba, ndinakaima pamseu kuyang'ana minibasi iliyonse yochokera ku Shimabala mpaka mvula inandithamangitsa. Akuti mwana ali ndi chimfine. Kapena ndi zoona. Koma Idah amawadziwa mawu anga ndikamabisa kanthu.

Lamlungu likubwerali ndipita kukamuuza zonse pamaso pa amayi ake. Sindifuna kuti adzathirire mtengo osadziwa chimene chili pansi. Akati ndisankhe pakati pa iye ndi ndowa, sindidziwa chimene ndidzayankhe, koma ndowa sinditaya. Chimene ndikupempha ndi chakuti kalata ikafika muyankhe msanga kudzera mwa kondakitala wa basi amene waibweretsa: kodi kukwirira m'ndowa kumaloledwa, kapena ndamulakwira mwana? Ndipo ngati mungathe, mumuimbire Idah, alamu ali kumunda. Inu amakumverani.

Mundiperekere moni kwa onse. Ba Shadreck akupereka moni, akuti beseni la akazi awo limene munabwereka akulidikirabe. Chiko akanakupatsani moni, koma sali pano. Akuti wayamba kumwetulira. Njere sinamere. Ndimathirira m'mawa uliwonse ndisanatenge wilibala.

Ndine mwana wanu,
Levy