Mpando Umodzi, Akazi Awiri

Luangwa Boma
14 Novembala 1999

Wokondedwa mng'ono wanga Towela,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi. Mwendo wawo uja wasiya kutupa? Ine ndilipo, kungoti dzuwa la kuno ku Feira landiumitsa ngati nsomba ya pathandala. Lero ndadya chakudya n'kuchimva kukoma koyamba m'masabata awiri, ndiye ndati ndikulembere mtima usanaumenso.

Ukudziwa kuti bungwe lathu likugawa chimanga ku Mburuma, kumene njovu ndi chilala zinatha minda. Ba Damiano, bambo wachikulire amene amatilembera mayina, anayenda wapansi khomo ndi khomo. Mapepala awo anapita ku Lusaka, kumene anawataipa n'kutibwezera pa disiketi, m'kalembedwe katsopano kotchedwa XML.

Dzinalo lisakuopse. Ndi madengu olowetsana: m'mudzi muli makomo, pakhomo pali mwamuna ndi mkazi, pansi pa mkazi pali ana ake. Ntchito yanga inali kulemba pulogalamu yotsegula madenguwo, kukhazika munthu aliyense pamalo pake, n'kusindikiza mndandanda wa olandira. Ba Miyanda, abwana athu a madigiri awiri, sadziwa ngakhale polowetsa disiketi. Ntchitoyo ndinaichita ine, wosamaliza yunivesite, ndipo kunyada sindinakubise.

Poyamba pulogalamu inkangoima pa dzina limodzi, Inês. Kachipewa ka pa e kaja kankaitsamwitsa. Ndinakonza. Kenako ndinapeza dengu lina lotsegulidwa koma losatsekedwa. Ndinatseka. Mndandanda unatuluka bwinobwino popanda dandaulo, lole n'kunyamuka.

Patapita masiku atatu uthenga unafika woti azimayi makumi atatu ndi asanu ndi awiri, ndi ana awo, abwerera chimanjamanja. Ba Miyanda anati Ba Damiano analumpha makomo chifukwa cha ulesi, ndipo akapanda kufotokoza zomveka achotsedwa ntchito Lachisanu la sabata yotsatira. Anandifunsa pamaso pa mkuluyo ngati kompyuta ingalakwe. Ndinayankha kuti kompyuta ilibe miyendo yotopa. Towela, Ba Damiano anangondiyang'ana, n'kuvala chipewa chawo.

Lachitatu la sabatayo kunatsika azimayi awiri pa lole ya makala, akazi a bambo mmodzi, Valentino. Wamng'ono anali Inês uja, wa ku Zumbo, tsidya la ku Mozambique, ndipo ndiye anayamba kulankhula. Anati iye analandira, koma akulu ake, Amai Helena, ndi ana asanu sanatchulidwe. Thumba la anthu anayi likudyetsa anthu khumi, ndipo iye sangameze mkazi wamkulu akuyang'ana. Amai Helena anasuzumira kompyuta yanga n'kundifunsa ngati makinawo ndi aamuna, poti nawonso akaona wamng'ono aiwala wamkulu.

Ndinafuna kuwaseka, koma ndinabwerera pa kompyuta. Ndinatsegula fayilo ya ku Lusaka n'kufunafuna khomo la Valentino. Onse awiri analimo: Helena pamwamba ndi ana asanu, Inês pansi ndi awiri. Ba Damiano sanalumphe munthu.

Cholakwa chinali changa. Pa ana ndinakonza benchi lalitali, poti ana amakhala ambiri. Pa mkazi ndinaika mpando umodzi. Pulogalamu ikawerenga mkazi woyamba inkamukhazika. Ikapeza wachiwiri inkamukhazika pampando womwewo, woyamba n'kugwa pamodzi ndi ana ake, popanda phokoso. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi osowawo. Onse anali akazi aakulu.

Tangoganiza. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinalankhule ndi atate chifukwa anatulutsa amayi m'nyumba atabweretsa mkazi wina, Lena wawo, ine n'kundiiwala pakati pa chaka chachitatu cha yunivesite. Iwo anagwetsa mkazi mmodzi. Ine mwana wawo wophunzira ndinagwetsa makumi atatu ndi asanu ndi awiri masana amodzi.

Kukonza kunali mizere inayi yokha: mpando kuusandutsa benchi. Ndinawonjezanso kuti pulogalamu iziwerenga anthu olowa ndi otuluka, akasiyana izikana kusindikiza. Chovuta chinali mtunda wochoka patebulo langa kukafika pachitseko cha Ba Miyanda. Sindikubisira, ndinaganiza zonamizira a ku Lusaka kuti disiketi yawo inali yovunda. Palibe akanadziwa. Koma azimayi aja anali akali pakhonde, akugawana madzi m'kapu imodzi.

Ndinalowa, ndinanena zonse. Ba Miyanda anati n'chifukwa chake anthu amamaliza sukulu. Yankho linali lokonzeka palilime, lakuthwa bwino, koma ndinalimeza.

Kwa Ba Damiano ndinapita ndekha kunyumba kwawo. Ndinagwada, ine amene sindigwadira ngakhale abusa. Anati pepala lawo silinama, kungoti silidziwa kudzilankhulira. Kenako anandifunsa ngati kompyuta yanga yapumula miyendo. Ndinawasiya aseke mpaka kukhuta.

Ntchito yawo ilipo. Yanganso ilipo, poti wina wodziwa polowetsa disiketi kulibe. Lachisanu lomwe akanachotsedwa lija tinakwera limodzi lole ya chimanga kupita ku Mburuma, fumbi mpaka m'mano. Mayina ndinaitana ndekha, kuyambira Amai Helena. Inês anawasenzetsa thumba lawo.

Manje pempho langa ndi ili. Uwawerengere amayi kalatayi yonse, osalumpha pamene ndikuoneka wopusa. Akafuna kuseka, aseke.

Unandilembera mwezi watha kuti Lena ndi amene amawabweretsera mankhwala a mwendo, ine ndinakuyankha kuti ndi chiphamaso. Sindikunena kuti ndasintha maganizo onse. Koma akabweranso, umupatse moni wanga. Wa atate usunge kaye.

Upereke moni kwa amalume a Nason ndi onse a pakhomo. Mulungu akusungeni, mvula ikupezeni muli ndi mbewu m'manja.

Ndine mkulu wako,
Kezia