Kufiira Kokana Kusuluka

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi chifukwa pafoni mawu akanandithawa. Muwerengere kuchipinda, paja kamtsikana kangako kamawerenga nkhope za anthu kuposa mabuku.

Munkandiseka kuti sukulu yonse ija ndinaphunzira kutokosa makhololo a anthu. Lero mumve ntchito yake. Kachilombo ka TB sikayenda maliseche ngati tinzake. Kamavala chikhoto chokhuthala cha mafuta olimba ngati phula, moti utoto wamba sulowa, ngakhale mankhwala amalowa movutikira. Ndiye timapaka makhololo pakagalasi, n'kuthirapo utoto wofiira, n'kutenthetsa pansi pake mpaka nthunzi ituluke kuti utotowo ulowerere m'phulamo. Kenaka timatsuka ndi asidi. China chilichonse chimasuluka, koma kachilomboko kakagwira kufiira sikataya. Pa maikulosikopu tizilomboti timaoneka ngati timaulusi tofiira.

Inetu ndinayamba kutsokomola mwana asanabwere kwanuko kutchuthi. Ndinkati ndi fumbi, siketi itayamba kukhwepa ndinkati ndi ntchito. Lolemba anzanga atapita kukadya, ndinapaka makhololo anga.

Achemwali, ndinatiwona. Ndinachita zimene ndimakalipira ophunzira akachita. Ndinapaka kagalasi kena, n'kuthira asidi, kuthiranso, kuthiranso, ngati kuti tikachoka pagalasi tichokanso m'chifuwa. Tina tinasuluka, koma tina tinatsalabe pakona, tofiira psuu.

Akulu a labu yathu, bambo osalankhulalankhula, anandipeza pasinki pomwepo.

"Kagalasi kameneko mukuchapa ngati thewera. N'ka ndani?"

"N'ka wodwala wina, abwana," ndinatero.

Anasuzumira pa maikulosikopu, kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wodwala ameneyo ali ndi mwana wamng'ono?"

"Ali naye."

"Amagona chipinda chimodzi?"

Ndinaika kagalasiko pansi. "Bedi limodzi, abwana."

"Ndiye siyani kutsuka galasi. Tsekani mpopewo tipite kwa adokotala."

Mankhwala ndayamba. Ndimwa theka la chaka, ndipo phula lomwe lija ndi limodzi mwa zifukwa zake. Za ine musadandaule, ndimwa onse. Chikundisowetsa mtendere ndi mwana. Mukudziwa kagonedwe kake, amakwirira nkhope pachifuwa panga, ndipo ine ndinkatsokomola pamutu pake mawindo ali otseka. Ndili ndi mantha, achemwali.

Chonde mawa lomweli mupite naye kuchipatala. Musakazungulire nkhani, mukanene kuti mayi ake apezeka ndi TB. Ana ang'ono satulutsa makhololo, koma adokotala ali ndi njira zina, ndiye wina asakubwezeni poti mwanayo akuoneka wathanzi. Loweruka musamukweze basi monga tinapanganira. Akhale konko mpaka andiuze kuti sindingapatsirenso munthu. Amayi musawauze kaye, magazi awo angathamange.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Wangayo mumuuze kuti amayi ake amusowa kwambiri, ndipo chidole chake chikugona pamalo pake. Mumuseketse, achemwali, ndipo akamaseka mutchere khutu. Kusekako kukathera m'kutsokomola, mundiimbire nthawi yomweyo.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.