Nambala ya Atate Pamwala

Lolemba, 4 Ogasiti

Mwala wa pamanda a atate wafika. Tiuvundukula Loweruka. Palibe vesi, nambala yokha, monga anafunira okha: 7 304 918 256 117. Chiwachotsereni ntchito kumigodi ankangoiyimba. Eti ndi pulayimu, siigawika ndi nambala ina iliyonse, ngati banja lathu. Umboni wawo: sinkakwana n'komwe mu kalikuleta.

Banja losagawika, chonsecho ku Kitwe kuli mkazi wawo wina, mai Georgina, ndi ana awo awiri. Mkazi uja anadya nkhuku yathu pamaliro, sindinaiwale.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Collins wosema miyala walakwitsa. Kumapeto wasema 2 m'malo mwa 7. Ine ndi kamwa langali ndanena kuti nambala yothera ndi 2 imagawika pawiri. Amama anangokhala pansi. Akuti sapita kukaima pamwala wolengeza ku Ndola yonse kuti mwamuna wawo anali wa anthu awiri.

Abale a ku Katete akwera kale basi. Tikavundukula opanda mwini maliro, adzatiseka mpaka ku Chipata.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Amalume a Patson apereka nzeru: tiphimbe 2 uja ndi maluwa. Azakhali akuti tiitane abambo mfumu awaze madzi odalitsa, mwina isiya kugawika. Collins akuti 2 ndi 7 wogwada, ndi ulemu kwa malemu. Ndamuuza kuti agwada ndi iyeyo.

Mai Georgina aimba foni mwachibemba. Amva. Eti mwala usakhudzidwe, wanena zoona. Msika wonse wa Chifubu tsopano ukudziwa masamu.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Masiku awiri ndili pamsana pa Collins. Wapala, wasemanso. 7 wake wopindika ngati mbedza, koma ndi 7. Amama anamusisita ndi chala, kenako n'kutulutsa chitenge chawo cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, kusita akuimba. "Atate ako sananame, mwanawe." Ndinatuluka panja kuti asandione maso.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mu minibasi ya kumanda, posowa chochita, ndakumbukira lamulo la ku Giredi 9. Uphatikize manambala onse. Chotulukacho chikagawika ndi 3, nambala yonse imagawikanso ndi 3.

Ndaphatikiza. 54. Ndabwereza, 54 yemweyo.

3 imalowa. 9 nayonso imalowa. Atate, 9?

Tafika. Amama ali kutsogolo, mutu uli m'mwamba, ayambitsa okha nyimbo. Sindiwauza, ngakhale andikolowole lilime. Mai Georgina ali uko ndi ana awo, amenewo ndikuwadziwa. Koma pansi pa mtengo paima azimayi ovala zakuda amene sindinawaonepo chibadwire. Wina wanyamula nkhata ya maluwa yoposa yathu. Ndawerenga asanu, ndipo minibasi ina ya ku Itawa ikutsitsa kumene ena