Kuwawa kwa Bulugamu M'kamwa Mwanga

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine Rozina wanu ndilipo, koma mtima suli m'malo.

Mimba ija munandisiya nayo ndinachira mwana wamkazi, ndipo ansembe anamubatiza dzina lanu lomwe, Agata. Wayamba kukwawa, timano tikuphuka. Nyemba za kuphiri zinacha bwino, kachewere yekha ndiye anaola ndi mvula.

Koma kuno ku Lobi kwagwa nthenda, amayi. Inabwera ndi anyamata a mtengatenga, aja ankasenza katundu wa asilikali, pochokera kunkhondo, ati dzina lake fuluwenza. Munthu amayamba kutsokomola lero, mkucha anthu ali kumanda ndi makasu. Alongo anu aDamiyano tinawaika mwezi wathawu, mwina mwaonana kale.

Ansembe atiuza kuti nthendayi imalowera pakamwa. Ati tiziwiritsa masamba a bulugamu, mitengo italiitali ija anabzala kumishoni, n'kumachukucha m'kamwa ndi madzi ake m'mawa ndi madzulo, osameza. Ndakhala ndikuchita zimenezo mpaka lilime kuchita dzanzi.

Vuto ndi Agata. Mkaka wanga ukuphwa, ndiye ndimamutafunira mbatata monga munkachitira ndi ife. Paja munkati, "Mwana wanga sadya chosadutsa m'kamwa mwanga." Koma ndikachukucha, chakudya chonse chimamveka bulugamu, iye n'kulavula, kenako kulira kosatonthozeka. Phala amalikankha ndi dzanja. Makani ake ndi anu omwe aja! Timikono tayamba kuonda ndikuona.

Dzana ndinalephera kupirira. Sindinachukuche, ndinangotafuna mbatata n'kumupatsa. Anadya, amayi, mpaka kundinyambita zala, uku akuseka. Nanenso ndinaseka naye.

Lero ndadzuka kukhosi kukundikanda, ndipo Agata thupi latentha. Bambo ake sindinawauze, apita kukathandiza kukumba manda kwa anansi. Ndili ndi mantha, amayi. Kodi ndinamupatsa chakudya, kapena ndinamupatsa nthenda? Mukadakhala inu, mukadatani?

Mvula ikakata ndidzabwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzabwera nditamubereka kumbuyo. Koma inunso mundithandize kumeneko. Mukaona kamwana ka makutu aakulu kakukwawira kumene muliko, musakanyamule ayi, ngakhale kalire chotani. Ndikudziwa mtima wanu pa ana, koma ulendo uno umitsani mtima. Kabwezeni kwa ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina