Tsiku limene Ritika anakuwa

[Gulu: banja la Bhateri]

Bhateri, 07:10
🎤 Rajbir mwana wanga, Ritika mdzukulu wanga, ndi nonse amene mumangomvera osayankha, tcherani khutu. ndikukumbuka Jagbir wanga. anapita ku ukwati atavala nduwira yatsopano. munthu anawomba mfuti posangalala, chipolopolo chinapeza iyeyo. lero mwana wake Ritika ali ndi mayeso oyang'anira bwalo lowomberapo mfuti. sindidya mpaka ndimve

Rajbir, 07:22
amayi idyani. mayesowa analephera kale ameneyu kkk

Ritika, 07:25
bambo aang'ono musandikumbutse pls

Rajbir, 07:27
amaika dala nkhalamba kuti igwire mfuti anthu ali kutsogolo akusintha chandamale, aone ngati uiletsa. iwe unapinda manja nkumati "pepani agogo, ngati nkotheka" kkkk

Ritika, 07:29
anali ndi imvi mutu wonse. kwathu kuno mtsikana amakalipira wa imvi?

Bhateri, 07:36
🎤 iwe Rajbir usaseke. tsiku la ukwati lija anthu onse anaiona mfuti ija ikugwedera mmanja. koma mwini wake anali malume a mkwati, ndiye aliyense anasunga ulemu, ine nkukatentha mtembo wa mwana wanga monga mwa mwambo wa maliro kwathu kuno. Ritika, ukakuwe ngati mmene umakuwira njati zanga zamkaka zikalowa mtirigu wa eni

Ritika, 08:02
akutenga mafoni. ndapita

Bhateri, 10:40
ritika

Bhateri, 11:55
bwanji

Bhateri, 12:31
rajbir muimbire

Rajbir, 12:44
ndiyozima amayi. imwani ngakhale tiyi

Bhateri, 12:46
ayi

Ritika, 13:48
agogo ndakhoza

Ritika, 13:51
🎤 anabweretsa agogo omwe aja, msilikali wopuma. mbendera yofiira ili mmwamba, anyamata awiri ali kutsogolo, ndangoona dzanja lawo likupita pa mfuti. ndinakuwa "SIYANI. BWERERANI MMBUYO." nkhunda zonse za padenga zinathawa. iwo magalasi awo anagwa

Rajbir, 13:53
iweyo?? amene umanong'ona popempha mchere?

Ritika, 13:56
ineyo. titamaliza ndinapita kukawagwira mapazi kuti ndipepese. akuti ukapepesa ndikulepheretsanso

Bhateri, 14:05
🎤 ndikulira koma musadandaule. mawu amenewo ndi a bambo ako. Jagbir akaitana njati kudziwe ankamveka mpaka pokwerera basi, mkazi wake nkumati ndakwatiwa ndi wailesi. ndimayesa mawuwo anapsa naye limodzi, kani anabisala mwa iwe. ndaitanitsa kale maswiti a ladu, khomo lililonse lidya

Bhateri, 14:19
🎤 tsopano iwe Rajbir. ukwati wa mwana wako wayandikira. ndamva unatulutsa mfuti yako nkuipukuta

Rajbir, 14:33
ndi mwambo amayi. kawiri kokha mmwamba. tikafika zii akuchikazi atiseka

Ritika, 14:36
ndidzakhalapo bambo aang'ono. ndidzaima pambali panu penipeni. ndipo alendo adzakhala ambiri

Bhateri, 14:58
rajbir

Bhateri, 15:40
waona uthengawo ndikudziwa

Rajbir, 16:12
Ritika ubwere mawa udzaichotse zipolopolo mfutiyo wekha, uitsekere mkabati. kiyi ukapatse agogo ako

Rajbir, 16:13
sindifuna magalasi anga agwe pamaso pa apongozi

Ritika, 16:14
kkkk ok bambo

Rajbir, 16:16
amayi mwadya?

Bhateri, 16:24
🎤 ndikudya, simukumva ndikutafuna? pa ukwatiwo ng'oma zidzalire mpaka oimba atope. wina akadzafunsa kuti nanga mfuti bwanji siikulira kwa Bhateri, musadzanene kuti ndi lamulo la boma. mudzati ndi Jagbir. ine ndikadzapita, musadzaleke kumutchula