Bobini Yovina Pamimba

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti pakhomo pazizira.

Pafoni ndinangokuuza kuti achimwene atisiya, mawu ena anakana kutuluka. Lero ndikuuza zonse. Uwerenge mpaka pansi, usachite zako zija zowerenga mizere iwiri n'kupinda kalata.

Ukukumbukira masewera awo aja? Akatopa kusoka ankagona chagada pabenchi la mushopu, n'kuika bobini ya ulusi pamwamba pa mchombo. Bobiniyo inkadumpha yokha. Ana ankaseka mpaka misozi, iwo n'kumati telala weniweni amakhala ndi mitima iwiri, wina wokondera mkazi wake, wina wopirira makasitomala. Inenso ndinkaseka.

Tsiku limene anadwala anadzuka akudandaula msana. Akazi awo anawathowa ndi madzi otentha, poganiza kuti ndi mpando wa pamakina uja. Masana, akudula nsalu, anangogwa pansi, thukuta lili kamukamu, milomo itayera.

Kuchipatala dokotala anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kounikira. Pagalasi ine sindinazindikirepo kanthu, koma ndinaona nkhope yake ikusintha. Anawathamangitsira kumakina aakulu ojambula m'thupi, aja munthu amalowamo chogona. Kenako anandionetsa chithunzi. Anati mtsempha waukulu wotsitsa magazi kuchokera kumtima unafufuma ngati chubu chakutha cha njinga, ndipo tsopano waphulika. Mdima umene unali pambali pake anati ndi magazi otayikira m'mimba.

Ndinamufotokozera za bobini. Sanaseke. Anati chimene chinkavinitsa bobiniyo chinali chotupa chomwechi, ndipo chikanaunikidwa msanga akanachikonza chisanaphulike.

Anayesetsa, ndisawanamizire. Analowetsa kapaipi kudzera mumtsempha wa pantchafu, akukatsatira pagalasi mpaka kanafika pong'ambika paja n'kutsekapo ngati chigamba cha m'kati. Magazi anasiya kutayika. Koma otayika kale anali ochuluka, ndipo impso zinakana kugwiranso ntchito. Anatisiya mawa lake osatsegulanso maso.

Tsopano ndimvere. Dokotala anati nthendayi imayenda m'magazi a pabanja, makamaka kwa amuna osuta fodya ngati iwe. Ine andiunika kale, anati mtsempha wanga uli bwino. Sizipweteka, n'kuzizira kwa mafuta basi.

Utabwera kudzationa chaka chatha unawalanda achimwene bobini ija, n'kugona pabenchi lomwelo. Unanyadira kuti yako ikudumpha kuposa yawo. Zimenezi zikundisowetsa mtendere, mlongo wanga, ndili ndi mantha. Nditamuuza za iwe, dokotala anati mwina n'kuwonda kwako chabe, pakuti anthu owonda mtsempha wawo umaoneka ukugunda. Koma za "mwina" ine ndatopa nazo.

Ndikudziwa uyankha kuti palibe pamene pakukupweteka. Achimwenenso sankamva kuwawa paliponse mpaka m'mawa uja. Chonde pita akakuunike sabata ino. Tinabadwa atatu, ndipo sindikufuna kutsala ndekha.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa alamu, uwaonetsenso kalatayi, chifukwa ndikudziwa ndiwo angakukokere kuchipatala. Ana uwapsompsone, koma masewera aja usawachitirenso.

Bobini ija ndinaibisa m'chikwama changa. Adzukulu a achimwene akuifunabe, akuti udzawavinitsire ukabwera.

Ndine mlongo wako,
amene watsala nawe.